Tikuoneni Maria Khumi ndi Awiri

Bukuli ndinalitola pamsika wa zakale ku Catania,
pakati pa makiyi opanda maloko
ndi nsapato imodzi ya mkwatibwi.
Chikuto njenjete zinatha kalekale.
Patsamba la makumi anayi, ndi inki yofiirira ngati tiyi wogona,
Sisitere Crocifissa analemba kuti:
tenga mkaka wokama m'mawa uno,
chikasu cha mazira asanu ndi atatu,
maluwa a jasimini othyola dzuwa lisanawaone,
ndi shuga wa ndalama ziwiri.
Takasa pamoto wofatsa
kwa Tikuoneni Maria khumi ndi awiri.

Ndalama zake ziti, mayi?
Mfumu imene nkhope yake inali pamenepo inaola,
wogulitsa shugayo ali duu kuseri kwa tchalitchi.
Ndinangotapa ndi dzanja kawiri,
kachitatu ndinatapa mwakuba.

Lolemba ndinapemphera ngati wothamangira basi,
mumphika munatsala madzi okhaokha.
Lachitatu ndinakoka mawu ngati pamaliro,
mkaka unadukaduka, mazira anachita zibuma,
mphaka ananunkhiza n'kundiyang'ana mondimvera chisoni.
Kodi inu munkapemphera liwiro lanji?
Munkameza mawu poopa belu?
Kapena munkaima pakati pa chiganizo
kuti mukalipire mtsikana wotaya nkhuni?

Loweruka kunabwera Nitto, mwana wa mlongo wanga,
atasenza madzi oundana ochokera kwa ogulitsa nsomba.
"Azakhali, firiji si iyo ikung'ung'udza pakona?"
Ndinamupatsa nyundo. Anaphwanya.

Pakuti bukulo likungoti: ika m'chipale ndi mchere.
Mawu anayi basi,
ngati chipale chimatsika chokha phiri la Etna mu Ogasiti
n'kudzagogoda pakhomo la masisitere.
Silikunena za amuna amene ankachipondaponda m'mapanga nthawi yozizira,
n'kuchifunditsa masamba ndi phulusa,
kenako pachilimwe n'kuchidula usiku,
kuchikulunga m'udzu, kuchimangira pamsana pa nyulu,
kutsika nacho mumdima akupikisana ndi tambala,
malipiro awo akudontha pamiyala
dontho, dontho, njira yonse.
Kwathu amati mmodzi wa iwo anali wathu, Orazio,
wa zala zitatu kudzanja lamanja.
Sindikhulupirira kuti analawako.

Tinakwirira chitini mundowa,
mchere pamwamba, mchere m'mbali,
ndipo ndinayamba kupukusa.
Kumanzere, kumanja. Kutsegula, kupala m'mbali, kutsekanso.
Phewa linayamba kuyaka moto,
zala zinafa.
Kunja njinga zamoto zinkalira, wina ankaitanira mandimu,
ine ndili ndi chitini changa
ngati mzamba amene sakudziwa ngati mwana abadwe wamoyo.
Nitto analandira. Anatopa. Ndinalandiranso.
Kenako supuni inakana kugwa,
inaima yokha pakati, njo!

Si woterera ngati wa kusitolo.
Ali ndi timchenga tozizira tolira pamano,
shuga wake ndi wamanyazi,
jasimini amafika mochedwa, utameza kale,
ngati mlendo wogogoda nyale zitazima.
Ndipo penapake chivundikiro chinalola mchere kulowa,
kadontho kamodzi kokha.
Kameneko ndinati ndi ka Orazio.

"Ayisikilimu wa pakona paja amaposa uyu,"
anatero Nitto, akunyambita mbale mpaka mphuno.
Wotsala sanadikire kuti timalize kukangana,
anabwerera kukhala mkaka tikumuyang'ana.

Usiku ndinatenga pensulo
kuti ndithandize wodzatsegula bukuli ine kulibe.
Ndinalemba m'mphepete: mphindi zinayi ndi theka.
Ndinaziyang'ana. Zinkaoneka ngati lisiti.
Ndinafufuta ndi chala chonyowa
n'kulemba kuti:
pemphera ngati munthu amene mawondo akumuwawa
koma sakufuna kuti Mulungu adziwe.